Galu wanga wa husky ndi poodle wandilemera, ndithandizeni abale

MwiniNamondwe
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete koma lero zandithina. Ndili ndi galu wamphongo wa miyezi 9, dzina lake Namondwe, mayi ake standard poodle bambo ake Siberian husky, awa ena amawatchula huskydoodle ena siberpoo. Amene anandigulitsa anandiuza zoti sathothoka ubweya, ndi wanzeru, komanso ndi wofatsa woti akhala bwinobwino m'nyumba ndi ana. Nzeruzo zilipo ndithu, chitseko cha kukhitchini amatsegula yekha ndi phazi. Zinazo ayi. Ubweya uli paliponse, pa sofa, pa zovala zakuntchito, olo m'kapu ya madzi ndimaupeza, nde chondizunguza nchoti pathupi pake ubweya womwewo wamangana kuseri kwa makutu ndi m'khwapa mpaka walimba ngati chikopa, chipeso sichikulowa. Ndikangotuluka kupita kuntchito amayamba kulira mokoka, osati kuuwa ayi, kulira kwenikweni, mpaka aneba anabwera kudzadandaula. Wakumba pansi pa mpanda katatu, ndipo dzulo anathawa nkukapha nkhuku ya anebawo. Amuna anga akuti timupereke kwa ena. Ine galuyu ndimamukonda, usiku wonse sindinagone. Ndimumete mpala? Ndimumange pa tcheni? Kapena amuna anga akunena zoona?

Kambuku77
Munakopeka ndi maso a buluu eti mayi?

MwiniNamondwe
Sindikana, limodzi ndi la buluu lina lofiirira, nditangomuona mtima unagwa pomwepo. Koma ndinafunsa mafunso, sikuti ndinangonyamula.

Mlongo_Wanu
A Kambuku munthu wabwera ndi misozi, zomuimba mlanduzo zidikire kaye. Pepani achemwali. Choyamba pitani kwa aneba mukapepese ndi kubweza nkhukuyo lero lomwe, musadikire kuti abwere okha. Galu wothawathawa chimene chimamupha nthawi zambiri si matenda ayi, ndi galimoto kapena neba wokwiya.

Wometa_Agalu
Ine ntchito yanga ndi yosambitsa ndi kumeta agalu nde ndiyankha za ubweyazo. Zimene mukuonazo sizodabwitsa olo pang'ono. Husky ali ndi ubweya wa mitundu iwiri, wapamwamba wowongoka wolimbirako ndi wapansi wofewa ngati thonje, ndipo wapansiwo amautaya wonse kawiri pa chaka. Poodle wake ndi wopotana, umangokula osaima, ndipo ukathothoka sugwa pansi, umakodwa mmenemo. Nde mwana wa awiriwa kawirikawiri amatenga thonje la bambo ake ndi kupotana kwa mayi ake, thonje lija likathothoka lina limagwera pa sofa lina limakodwa mu wopotanawo nkumangana mfundo. Onjezerani kuti pa miyezi 9 akusintha ubweya wa ukhanda kupita wa ukulu, nyengo imeneyi ndi imene agalu ambiri otere amandipeza atamangana thupi lonse.

Chonde chonde musamusambitse asanapesedwe. Madzi akalowa mu mfundo zimalimba kuposa kale, zikauma zimakoka khungu ndipo galu amamva kuwawa akamayenda. Komanso musatenge sizasi nkumadula kuseri kwa khutu. Khungu la pamenepo ndi lopyapyala ndipo limakokedwa nkulowa m'kati mwa mfundoyo, munthu amaganiza kuti akudula ubweya koma akudula khutu, ndaonapo agalu angapo atasokedwa chifukwa cha zimenezi. Pamene palimba ngati chikopa pamafunika makina ometera odutsa pansi pa mfundoyo, basi. Kulimbana nazo ndi bulashi ndi kumuzunza.

BamboWaLuna
Ayi ndikutsutsa. Husky samametedwa, aliyense amene wasungapo husky akudziwa. Ubweyawo umamuteteza ku dzuwa, ukameta umamera moipa mwina osameranso.

Wometa_Agalu
Bambo mukunena zoona pa husky weniweni, ineyo munthu akabwera ndi husky kuti ndimumete ndimakana. Husky samangana chonchi, amangofuna kupesa thonje lichoke. Koma uyu si husky, ndi theka. Funso ndi loti pansi pa mfundozo pali chani. Ndinameta wina mwezi watha, titachotsa chikopa cha ubweyacho kukhosi pamene pamadutsa kolala tinapeza chilonda chonyowa chonunkha, ndi nkhupakupa zitatu zokhuta zimene mwini wake sanazione nkomwe. Mpweya sumafika pakhungu. Pa galu wotero kumeta ndi chifundo. Sindikuti mpala thupi lonse ayi, pamene chipeso chikulowa tisiye, pamene palimba pachoke.

BamboWaLuna
Chabwino pamenepo ndamva. Bola asamusiye khungu pamtunda dzuwa limuotche.

MwiniNamondwe
Ine ndimamupesa tsiku lililonse abale, nchifukwa chake zikundiwawa.

Wometa_Agalu
Ndikukhulupirirani mayi, ambiri amapesa ndithu koma amapesa pamwamba pokha, pamwamba pamaoneka bwino pansi pakumangana. Chitani chonchi. Mugonekeni chammbali, ndi dzanja limodzi kankhirani ubweya m'mwamba mpaka muone khungu ngati kamzere, nde pesani kagawo kakang'ono kamene kali pansi pa mzerewo ndi slicker brush, ija ya timawaya ting'onoting'ono. Mukatha pititsani chipeso chachitsulo kuchokera pakhungu mpaka kunsonga. Chikakodwa ndekuti simunathe. Kenako kwezani mzere wina. Yambani ndi malo opakana: kuseri kwa makutu, m'khwapa, pansi pa kolala, m'ntchafu ndi tsinde la mchira. Mphindi 10 patsiku mbali imodzi, mawa mbali ina. Ndipo makutuwo ngati ndi ogwa ngati a mayi ake muziwanunkhiza, akayamba fungo kapena akamapukusa mutu pafupipafupi ndekuti muli matenda, makutu ogwa amasunga chinyezi makamaka akasamba.

MphunziWaVet
Ndiwonjezerepo pa nkhani yoti "sathothoka", chifukwa bodza limeneli lavuta anthu ambiri. Palibe amene angalonjeze ubweya wa kagalu ka makolo awiri osiyana chonchi. Mu 2009 asayansi anasindikiza mu magazini ya Science zoti maonekedwe a ubweya wa agalu ambiri amachokera pa ma gene atatu, tizinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo: FGF5 wa kutalika, KRT71 wa kupotana, ndi RSPO2 amene amapatsa galu ndevu ndi nsidze zazitali. Poodle amakhala nazo zonse zitatu. Ndevu zimapambana olo mwana atatenga kwa kholo limodzi, nchifukwa chake ana ambiri otere amakhala ndi nkhope yandevu. Kupotana akatenga mbali imodzi yokha kumangokhala kopindikapindika. Kutalika kumafuna makolo onse awiri. Ndiye mumimba imodzi mutha kutuluka ana osiyana zedi. Wanuyo ndi amene amati F1, theka ndi theka. Akamukweretsanso ndi poodle ana ake amati F1b, magazi a poodle amachuluka kufika magawo atatu mwa anayi ndipo kuthothoka kumachepa, koma kumangana kumachulukanso. Dziwaninso kuti mabungwe olembetsa mitundu ya agalu ngati American Kennel Club kapena FCI sauwerenga ngati mtundu, nde palibe muyeso woti galuyu aziyenera kuoneka kapena kukhala motani.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Ine ndimafuna kugula wotereyu chifukwa mwana wanga amayetsemula akakhala ndi agalu, anandiuza kuti amenewa sayambitsa zimenezo. Ndekuti nazonso ndi zabodza?

MphunziWaVet
Mayi musagule musanayese. Chimene chimayetsemulitsa si ubweya weniweniwo, ndi mapuloteni a m'malovu ndi mfundu za pakhungu, lodziwika kwambiri amalitcha Can f 1. Galu aliyense ali nalo. Mu 2012 ofufuza a ku Utrecht ku Netherlands anayeza ubweya wa agalu amene amatchuka kuti sayetsemulitsa, kuphatikizapo poodle ndi labradoodle (msakanizo wa labrador ndi poodle), anapeza kuti ubweya wawo unali ndi Can f 1 wambiri kuposa wa agalu enawo, ndipo mpweya wa m'nyumba zawo sunasiyane. Anthu ena amapezako bwino ndi galu wina osati wina, zimenezo zimachitika, koma ndi galu payekha osati mtundu. Palinso Can f 5 amene amachokera mu prostate ya galu wamphongo, pali anthu amene amadwala ndi amphongo okha. Ngati mwanayo ali ndi mphumu yambani mwaonana ndi dokotala wake, kenako akacheze ndi galu yemweyo kangapo, maola angapo, musanalipire kalikonse.

AgogoAZiweto
Nkhani ya kusakaniza poodle ndi agalu enayi inatchuka ndi bambo wina wa ku Australia, Wally Conron, mu 1989. Ankagwira ntchito ku bungwe la agalu otsogolera anthu osaona, nde panali mayi wina wosaona wa ku Hawaii amene amuna ake ankadwala ndi ubweya wa galu. Anakweretsa labrador ndi poodle, panabadwa ana atatu, ndipo mwa atatuwo mmodzi yekha ndi amene sanawadwalitse bambowo. Mmodzi mwa atatu, poyamba pomwepo. Conron yemweyo atakalamba ananena poyera mu 2019 kuti amanong'oneza bondo chifukwa anthu ofuna ndalama anayamba kusakaniza poodle ndi galu aliyense osayeza thanzi la makolo. Ndimafuna muone kuti amene anayambitsa sanalonjeze zimene ogulitsa akulonjeza lerozi.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Zikomo agogo, mwandipulumutsa. Ndiyamba ndayesa kaye.

Chiphaliwali
Zonsezi ndi zaubweya, koma vuto la mayiwa ndi nkhuku. Galu amene walawa magazi sasiya. Mumangeni pa tcheni basi nkhani ithe. Ena amamumangirira nkhuku yakufayo m'khosi masiku angapo, amati amasiya.

Mlongo_Wanu
Ayi ayi ayi. Zimenezo musayerekeze.

TateWaAtatu
Achimwene a Chiphaliwali, galu sagwirizanitsa nkhuku yowola m'khosi ndi zimene anachita dzana. Chimene mupeze ndi ntchentche, zilonda ndi galu wokuopani. Za magazinso si choncho. Sanaphe chifukwa cha njala kapena kukoma kwa magazi, anaona chinthu chikuthawa nkumakupiza mapiko, miyendo inanyamuka yokha. Husky anabadwa choncho, amathamangitsa amphaka, akalulu, mbalame, chilichonse chaching'ono chothamanga. Poodle nayenso musamuone kumeta kokongolako, ndi galu wa alenje, ntchito yake inali kulowa m'madzi kukatenga abakha owomberedwa, dzina lakelo likuchokera ku Chijeremani Pudel, la kusambira mopalasa madzi. Nde mbali zonse ziwiri muli mbalame m'mutu.

Za tcheni ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Mnzanga anamanga husky wake pafupi ndi mpanda, galu anadumpha mpandawo tcheni ili m'khosi, anapezeka akulendewera mbali inayo miyendo yakumbuyo ikungogunda pansi pang'ono. Mwamwayi mwana anamva kulira. Galu wodumpha samangidwa pafupi ndi chinthu choti angadumphe, ndipo galu wa tcheni tsiku lonse amalira kuposa kale nkuyamba kulusa.

Chiphaliwali
Nde atani? Azisiya ntchito azilondera galu?

TateWaAtatu
Akonze mpanda. Kutalika mamita 1.8, pasakhale tebulo, mbiya kapena mulu wa nkhuni pafupi poti akwerepo. Pansi pake ayale waya wa sefa wolimba chogona, kuchokera pa mpanda kulowa m'kati mwa bwalo ngati theka la mita, amumangirire ku mpandawo nkukwirira ndi dothi kapena miyala. Galu amakumba patsinde penipeni pa mpanda, akapeza waya saganiza zobwerera m'mbuyo kukayambira patali. Ndipo mpatseni pake pokumba, kangodya kamodzi ka mchenga, muzikwiriramo zidole zake. Kukumba simungamuletse, mungangomusankhira malo.

MwiniNamondwe
Zoona amakumba patsinde penipeni, malo atatu onsewo. Za waya ndiwauza amuna anga madzulo ano. Nkhuku ndabweza kale achemwali a Mlongo_Wanu, anebawo andilandira bwino koma anena kuti ikachitikanso sadzandiuza.

AgogoAZiweto
Mwana wanga ndikufunse, Namondweyo amayenda mtunda wotani patsiku? Osati kuzungulira pabwalo, kuyenda kwenikweni.

MwiniNamondwe
Madzulo ndikaweruka mphindi 20 mwina, pena ndikatopa ayi. Bwalo ndi lalikulu nde ndimaganiza kuti amathamanga yekha.

AgogoAZiweto
Ndi pamenepo. Galu sathamanga yekha pabwalo, amagona pakhomo kudikira inu, akatopa kudikira amafuna pobowola. Bambo ake a galu wanuyo mtundu wawo unawetedwa ndi anthu a Chukchi kumpoto chakummawa kwa Siberia kuti uzikoka katundu wopepuka pa sinowo mtunda wautali tsiku lonse, ali m'gulu la anzake, osakhala yekha olo tsiku limodzi. Nchifukwa chake amalira mokoka akatsala yekha, akuitana gulu. Mu 1925 ku Nome, Alaska kutabuka matenda a diphtheria, agalu pafupifupi 150 ndi anthu 20 analandirana mankhwala kuchokera ku Nenana mtunda wa makilomita 1,085 m'masiku asanu ndi theka, m'nyengo yozizira koopsa. Magazi amenewo ndi amene mukuwayendetsa mphindi 20.

Kambuku77
Imeneyo ndi nkhani ya galu uja Balto, ali ndi chipilala ku Central Park ku New York.

BamboWaLuna
Balto anangomaliza chabe, makilomita 85 omaliza ndi womuyendetsa Gunnar Kaasen. Ntchito yaikulu anagwira Togo, galu wa Leonhard Seppala, makilomita oposa 400 mukaphatikiza ulendo wokakumana ndi mankhwalawo, kudutsanso pa nyanja ya madzi oundana ya Norton Sound, ali ndi zaka 12. Nkhani imeneyi imandiwawa mpaka lero.

Kambuku77
Koma amene analowa mu tauni ndi mankhwala usiku kuli chimphepo ndi Balto, musamuchepetse.

BamboWaLuna
Sindikumuchepetsa, ndikungoti chipilala chinapita kwa mmodzi pamene anathamanga ndi ambiri.

Mlongo_Wanu
Abale Togo ndi Balto anapuma kalekale, Namondwe ali moyo ndipo akufuna kuperekedwa. Tibwerere.

TateWaAtatu
Tibwerere ndithu. Wanga ndi wamkazi, msakanizo womwewo, pano ali ndi zaka 4, ndipo pa miyezi 8 mpaka 18 ndinatsala pang'ono kumupereka nanenso. Anadya siponji ya mpando wonse. Chimene chinasintha zinthu ndi m'mawa. Ndimadzuka kusanache, timayenda mphindi 45 pa chingwe chachitali, ndimamusiya anunkhize pamene akufuna chifukwa kununkhizako kumamutopetsa mutu kuposa kuthamanga. Tikabwera chakudya chake sindiika m'mbale, ndimachimwaza mu udzu azifunafuna yekha, mphindi 15 zimathera pomwepo. Potuluka ndimamusiyira Kong, chidole cha labala chobowoka m'kati, yodzaza ndi chakudya chake chonyowetsa yomwe yagona mu firiji. Madzulo timayendanso, kenako mphindi 10 zophunzira: khala, gona, dikira, siya, bwera. Mbali ya poodle imagwira msanga zedi, Stanley Coren mu 1994 anaika poodle pa nambala 2 pa agalu omva malangizo msanga, kumbuyo kwa border collie. Koma mbali ya husky imamva bwinobwino nkukuyang'ana kaye kuti ndipezapo chani. Nde khalani ndi tinyama m'thumba, ndipo musabwereze chinthu chimodzi kakhumi, amanyansidwa nkuchoka.

Chimodzi chokha chimene sindinachikwanitse ndipo ndinasiya kulimbana nacho: kumumasula poyera. Pabwalo ndikamuitana amabwera nthawi zonse. Kunja akaona mphaka makutu amatseka. Nde kunja chingwe sichichoka, ndipo ali ndi microchip, kachipangizo komuzindikiritsa kamene amabaya pansi pa khungu, komanso nambala yanga pa kolala.

Chiphaliwali
Mumangeni ku njinga athamange makilomita 10, abwera atatheratu.

MphunziWaVet
Pa miyezi 9 ayi akulu. Mafupa a galu wa msinkhu umenewu amamaliza kukula pakati pa miyezi 12 ndi 18, kumuthamangitsa mokakamiza pa msewu wolimba pano ndi kumuonongera mawondo ndi chiuno, ndipo standard poodle amadziwika kale ndi vuto la chiuno lija amati hip dysplasia. Akakula vet akamuona, kukoka njinga kapena kuthamanga naye ndi harness yokokera, malamba aja ozungulira chifuwa ndi mapewa, ndi masewera abwino kwambiri kwa galu wotere. Koma osati ndi kolala, ndipo osati kukutentha.

Mlongo_Wanu
Za kutenthazo ndilankhulepo chifukwa ndinatsala pang'ono kutaya wanga. Tinapita koyenda masana, ineyo sindinkamva kutentha kwambiri. Pobwerera anayamba kutsalira m'mbuyo, lilime litatuluka lonse lotambalala kunsonga, malovu okoka ngati ulimbo, nkhama zofiira kwambiri, kenako miyendo yakumbuyo inayamba kudzandira. Ndinamunyamula mpaka pa mpope nkumuthira madzi ozizira thupi lonse, pamimba ndi m'ntchafu, kenako nkuthamangira kwa vet mawindo a galimoto ali otsegula. Vet anandiuza kuti kuthira madzi pomwepo ndisananyamuke ndi kumene kunamuthandiza. Thupi la galu limakhala pa madigiri 38 mpaka 39, likapitirira 41 ziwalo zam'kati zimayamba kuonongeka, ndipo galu satuluka thukuta ngati ife, amadalira kupuma mwawefuwefu. Vuto la agalu a magazi a husky ndi loti sadziletsa, amakokabe olo akupsa. Chiyambire tsikulo timayenda m'mawa kwambiri ndi dzuwa litalowa basi, ndipo ndimayamba ndaika dzanja pa phula, likandiotcha ine ndekuti mapazi ake apsa.

MwiniNamondwe
Eeh mwandiopsa koma zikomo. Nanga kumufula kungathandize kuthawaku? Amuna anga akuti mwina ndi chimenecho.

MphunziWaVet
Kumachepetsa kuthawa kofuna zazikazi, koma kuthamangitsa nkhuku ndi kulira sikutha ndi kufula. Nthawi yake kambiranani ndi vet wanu, kwa agalu akuluakulu ambiri amalangiza kudikira kaye amalize kukula. Popeza mukupita komweko, funsaninso izi. Maso: husky amagwidwa ng'ala akadali wamng'ono, ndipo mitundu yonse iwiri ili ndi matenda ochititsa khungu pang'onopang'ono otchedwa PRA, amayamba ndi kusaona bwino usiku. Diso la buluulo palokha si matenda ayi. Mimba: standard poodle ali ndi chifuwa chakuya nde amatha kutupa mimba chifu nkupotokola. Mukaona mimba yatupa yalimba, akufuna kusanza koma sikutuluka kanthu, akungoyendayenda malovu ali chuchuchu, musadikire kuche, imapha m'maola ochepa. Chakudya muzigawa kawiri patsiku ndipo asathamange atangodya. Onaninso kadi yake ngati katemera wa parvo, distemper ndi chiwewe anakwana, ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Ndipo olo aoneke kuti akumva kuwawa musamupatse ibuprofen kapena paracetamol wanu.

BamboWaLuna
Onjezerani Addison's. Luna wanga mayi ake ndi poodle ndipo anatenga matenda amenewa. Chimavuta ndi choti amabwera nkupita, sabata ino wafooka sakudya akusanza akunjenjemera, sabata yamawa ali bwinobwino, nde umangoti mwina anadya choipa. Ife zinkachitika akasokonezeka, alendo akachuluka pakhomo kapena tikamusiya kwa ena. Tsiku lina anangogwa. Atayeza magazi anapeza sodium watsika potassium wakwera, anachita test ya ACTH nkutsimikiza. Pano amabayidwa jakisoni pafupifupi mwezi uliwonse ndi kapilitsi tsiku lililonse ndipo akuthamanga ngati kale. Anthu amati agalu osakaniza sadwala, koma ngati kholo lili nacho mwana atha kutenga. Mayi funsani amene anakugulitsaniyo ngati makolo anayezedwa chiuno ndi maso.

MwiniNamondwe
Ndinamuimbira, foni sakuyankhanso chiyambire pamene ndinamuuza za ubweya.

Wometa_Agalu
Ndimayembekeza zimenezo.

Chiphaliwali
Ine ndinenabe, si aliyense angakwanitse galu wotere. Ngati mayiwa alibe maola awiri patsiku kumupereka kwa munthu amene ali nawo si tchimo. Kusiyana nkuti adzaphedwe ndi neba.

AgogoAZiweto
Apa a Chiphaliwali mwanena zoona ndipo ndikugwirizana nanu. Galuyu atha kukhala zaka 12 kapena kupitirira, si nkhani ya mwezi umodzi. Koma mwana wanga usasankhe sabata ino mtima uli m'mwamba. Khalani pansi ndi amuna ako, mupatsane masabata asanu ndi limodzi, mpanda ukonzedwe, kuyenda kwa m'mawa kuyambe, mugawane masiku. Zikakanika ndekuti mwayesa, ndipo pomupereka mukanene zonse, za nkhuku, za kulira, za kukumba. Mukabisa akamupereka kwa winanso, nayenso kwa wina, ndipo galu wosinthasintha manja ndi amene amathera pa tcheni.

TateWaAtatu
Za kulirazo siyani foni yakale ikujambula mukamachoka. Ngati akulira mphindi 10 nkukagona, ndi kunyong'onyeka chabe, kuyenda kwa m'mawa kuchiza. Koma ngati akulira osaleka, akukanda chitseko mpaka zikhadabo kutuluka magazi, chakudya osachikhudza mpaka mubwere, amenewo ndi mantha otsala yekha ndipo amafuna kuphunzitsa pang'onopang'ono, kutuluka mphindi imodzi nkubwera, ziwiri, zisanu, osamukalipira. Pena mpaka vet amathandizapo ndi mankhwala.

MwiniNamondwe
Abale ndabweranso, papita masabata awiri. Namondwe anametedwa kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi pamimba, kwina anangomupungula, ndipo pansi pa khutu lakumanzere panalidi kachilonda kofiira, tikupaka mankhwala a kwa vet. Tsiku lomwelo anayamba kulola kuti ndimugwire mutu, kale ankathawa ndikangofikitsa dzanja ku makutu, ine nkumati ndi mwano. Waya amuna anga anayala okha Loweruka, Namondwe anakumba kawiri nkupeza waya, pano akukumba pa mchenga wake. Ndinajambula monga munanenera a TateWaAtatu, tsiku loyamba analira mphindi 40, dzulo mphindi 6 kenako anatenga Kong yake nkukagona pansi pa tebulo. M'mawa tikumayenda mosinthana, ine masiku anayi iwo atatu, ndipo za kumupereka sanazitchulenso ngakhale sananene kuti asintha maganizo. Ubweya pa sofa ulipobe. Chimene chatsala ndi kukoka, pa chingwe amandikoka mpaka phewa likundiwawa, makamaka tikamadutsa pa mpanda wa aneba paja pali nkhuku.

TateWaAtatu
Gulani harness yokhala ndi ngowe pachifuwa osati pamsana, ya pamsana imamuuza kuti koka. Chingwe chikangolimba imani ngati mtengo, chikakhwepa pitirizani, masiku oyamba simufika patali koma piriranibe. Pa nkhukupo musadutse pafupi kaye, wolokani msewu muime patali pamene akuziona koma akutha kukumvani, akayang'ana nkhuku nkutembenukira kwa inu mpatseni kanyama pomwepo. Sabata iliyonse muzisendera masitepe angapo.

Wometa_Agalu
Ndipo pamene tametapo ubweya ukamamera ndi pamene umamangana msanga, chipeso chachitsulo chija chiyambe pano usanatalike. Mubwere naye kometa pakatha masabata 6, musadikire mfundo.

MwiniNamondwe
Ndalemba pa kalendala. Harness ya pachifuwayo ndiyeze pati kuti ndisagule yaing'ono, poti akukulabe?

TateWaAtatu
Zungulizani tepi pachifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo pamene pali potakata kwambiri, ndipo tengani yosintha malamba. Mukamumanga zala ziwiri zizilowa pansi pa lamba. Pobwera koyenda muzimuvula, ikakhalitsa m'thupi imamanganitsa ubweya m'khwapa momwe mwameta muja.